Tinawalangiza bwinobwino, nanga wodwalayu wabwereranji atamangidwa zingwe?

Aliyense amene wagwirapo ntchito ku kiliniki ya matenda a m'maganizo anazionapo izi. Mnyamata amene munamutulutsa mu June atasamba, akupereka moni mwaulemu, pofika September akumutsitsa pa lole manja atamangidwa ndi linya, amuna anayi atamugwira. Mukatsegula buku lake la chipatala mupeza kuti jakisoni womaliza anabayitsa mu July. Mawu amangotuluka okha pakamwa: "Kodi sitinakuuzeni kuti asasiye mankhwala?" Abale nawo sabisa: "Munatiuzadi, anesi."

Ndiye kuti kulangiza timalangiza, ena mpaka kusasa mawu. Chimene ndaona pa zaka zanga za unamwino n'chakuti uphungu umadukira pamalo omweomwewo, ngati paipi ya madzi yothyokera pamfundo. Wodwala akabwerera, musathamangire kubwereza ulaliki wa ulendo watha. Fufuzani kaye pamene padukira. Ndikulembera anamwino anzanga, madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono, alangizi a zaumoyo a m'midzi, komanso abale amene atopa ndi kukwera ndi kutsika kwa matendawa.

Kodi ndi matenda omwe aja?

Ichi ndayamba nacho chifukwa chimapha. Munthu akangodziwika kuti ndi wa ku mental, chilichonse chomugwera anthu amati ndi mutu womwe uja, ndipo ife achipatala timagweranso m'mbuna yomweyo. Koma munthu amene dzulo anali bwino, lero watentha thupi, sakudziwa kumene ali, akuodzera n'kumadzidzimuka, akhoza kukhala ndi malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, kapena matenda ena obwera chifukwa cha HIV. Muyezeni musanatole jakisoni wogonetsa. Abale auzeni kuti kusokonezeka kukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kukomoka kapena kuuma khosi, asadikire tsiku la kiliniki. N'chimodzimodzi mayi amene wayamba kusagona ndi kulankhula zosamveka m'masabata awiri oyamba atabereka. Ameneyo ndi wa lero lomwe, ndipo asasiyidwe yekha ndi khanda.

Munalangiza ndani?

Uphungu wambiri umathera apa. Gadiyani amene amagona pakhonde la chipatala nthawi zambiri ndi amene banja laona kuti kunyumba sangasowe kwenikweni: mtsikana wosiya sukulu, mlamu, mwina mkazi wokwatiwa chaka chatha chomwechi. Amamvetsera, amagwedeza mutu, mwinanso amamvetsadi. Koma akafika kumudzi alibe mawu. Wonena kuti mapiritsi apitirire kapena atayidwe m'chimbudzi ndi mwini mbumba, amalume ake a wodwalayo, kapena agogo aakazi, ndipo kumadera a malowolo ndi akuchimuna. Pena ndi mlongo amene ali ku Joni, yemwe sanamuonepo wodwalayo chidwalireni, koma poti ndiye amatumiza ya thiransipoti, akangolamula pa WhatsApp kuti apite naye kwa mneneri wakuti, palibe wotsutsa.

Ine izi ndinazimvetsa mochedwa. Panali mtsikana wina amene ankabwera ndi mayi ake aang'ono, mayi wanzeru wokhoza kubwereza zonse zimene ndanena. Koma mtsikanayo anabwerera kawiri atasiya mankhwala. Ulendo wachitatu ndinafunsa, "Amayi, kwanuko amene amati chakuti chichitike n'kuchitikadi ndani?" Anaseka chamumtima. "Aaa, anesi, ine ndine ndani? Alipo eni ake." Eni akewo anali amalume, ndipo anali atagamula kale kuti mankhwala a chipatala akumuononga mwana. Tinawaitanitsa. Anafika nkhope ili ndwii, akuyembekeza kukalipiridwa. Sindinawaphunzitse kanthu tsiku limenelo, ndinangofunsa chimene aona. Anati mwana amangogona, wasiya kupita kumwezi, kumaere kukutuluka mkaka, ndipo pamudzi ayamba kunong'onezana kuti ali ndi pakati. Zonsezo zinali zoona, ndipo pakati panalibe, anali mankhwala. Ife sitinamuchenjezepo aliyense. Adokotala atachepetsa mlingo, amalume omwewo ndi amene anayamba kusunga buku ndi kuwerenga masiku a kiliniki.

Choncho tsiku loyamba lomwe funsani kuti mwini nkhani pabanjapo ndani, n'kupeza njira yoti mawu amufike osadzera m'kamwa mwa mwana. Ngati sangabwere, imbani foni gadiyani ali pompo, kapena jambulani mawu ochepa m'Chichewa pafoni ya gadiyaniyo kuti akamvetsere pamodzi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akhozanso kukacheza nawo. Izi n'zofunika koposa ngati wodwala anatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, chifukwa kwa banja la ku Mchinji kapena ku Nsanje mtunda wokhawo umalepheretsa kukamuona pafupipafupi. Wodwala amabwerako ataphunzira zambiri, n'kufikira m'nyumba imene sinamvepo kalikonse. Kusiyana kumeneku ndi ntchito ya ife a kuchipatala cha kwawo kukutseka.

Koma musanaimbire aliyense, pemphani chilolezo kwa wodwala ngati ali pamlingo woti angayankhe. Paja iyeyu ndi amene timamuiwala kwambiri. Timalankhula ndi gadiyani modumphitsa mutu wake, "Akugona bwanji? Akudya?", iye ali phee pampando ngati thumba la chimanga. Munthu amene sanafunsidwepo maganizo ake pa mankhwala amene akumeza yekha amawabisa kunsi kwa lilime. Muyang'aneni, mutchuleni achimwene, achemwali, bambo, monga mukanachitira akanabwera ndi chifuwa.

"Mwamva?" "Eya, tamva"

Pali masiku awiri amene timakonda kulangiza, ndipo onse ndi olakwika. Tsiku logonekedwa abale amakhala asanagone mausiku atatu, ali ndi mantha ndi manyazi, wodwala akukuwa panja. Tsiku lotuluka maso ali kumsewu, akuopa kuti minibasi yomaliza iwasiya. Pakati pa masiku awiriwa pali masabata amene gadiyani amangokhala pansi pa mtengo kudikira nthawi ya phala. Nthawi yophunzitsa ndi imeneyo, pang'onopang'ono, mphindi khumi lero, zina mkuja.

Funso lakuti "mwamva?" lilibe ntchito. Munthu wa kwathu kuno sanganene kwa wovala yunifolomu kuti sanamve, ndi mwano. Ine ndimafunsa chonchi: "Amayi, mukafika kunyumba amalume akakufunsani kuti achipatala ati chiyani, mukawauza kuti bwanji?" Yankho lake ndi limene limaonetsa chimene chalowa. Wina anandiyankha kuti, "Ndikawauza kuti amwe mpaka botolo lithe." Ndinali nditalankhula theka la ola, koma iye anatolapo chimenecho.

Musapitirire mfundo zitatu pa ulendo umodzi. Zilembeni m'Chichewa kumapeto kwa buku la chipatala, osati m'zilembo zathu zija zimene amawerenga ndi a kufamase okha. Kwa osawerenga, jambulani dzuwa ndi mwezi papepala la mapiritsi. Tsiku la kiliniki limangirireni ku chinthu chodziwika, monga tsiku la msika kapena la sikelo ya ana.

Samalaninso ndi mawu. Mukangoti "misala", banja limaona munthu wa sanza wotola m'mabini, ndipo limakana kuti mwana wawo si ameneyo. Mukati "matenda a maganizo", ena amamva kuti ndi kuganiza kwambiri basi, kofunika kungolimba mtima. Yambirani pa mawu awo. Akati wazungulira mutu, akumva mawu, mtima ukumuthamanga, tengani omwewo n'kumangapo: ubongo ndi chiwalo ngati mtima ndi impso, umadwala, ndipo uli ndi mankhwala ake.

"Anachira, ndiye tinaona kuti basi"

Banja likanena izi silinachite mwano. Latsatira zimene chipatala chinaliphunzitsa kuyambira kale. LA wa malungo ndi masiku atatu. Mankhwala a chibayo ndi sabata. Munthu akadzuka, mankhwala atha ntchito. Nanga munthu woti akulima, akuseka, amwerenji mapiritsi?

Chitsanzo chimene chimagwira msanga masiku ano ndi cha BP, shuga ndi ma ARV, chifukwa palibe mudzi wopanda munthu amene amamwa ali wathanzi. Ndimafunsa, "Kodi amene ali pa ma ARV akanenepa amasiya?" Amayankha okha. Koma musanamize munthu kuti ndi za moyo wonse pamene si choncho, ndipo musamulonjeze mwezi umodzi kuti angovomera. Buku la mhGAP, la malangizo a kasamalidwe ka matenda a m'maganizo lochokera ku bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene linatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2016, limati munthu wosokonezeka mutu koyamba apitirize mankhwala kwa miyezi yosachepera 12 zizindikiro zitatha, ndipo wa matenda okhumudwa apitirize miyezi 9 mpaka 12 atapeza bwino. Amene wabwerezabwereza amafunika zaka, ena moyo wonse. Posiya, amachepetsa pang'onopang'ono ndi adokotala, osati kudula tsiku limodzi. Kwa a khunyu, amene timawaonera kiliniki yomweyo, kusiya phenobarbitone mwadzidzidzi kungabweretse kugwa kotsatizana kosalekeza, kumene kungathe kupha.

Chimene chimasokoneza n'chakuti matenda sabwerera tsiku lomwe wasiya. Mphamvu ya jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine imatha pang'onopang'ono m'thupi. Mwezi woyamba munthu amaoneka bwino kuposa kale, tulo tachepa, thupi lapepuka, banja n'kumati mwaona, anali mankhwala aja. Mwezi wachitatu kapena wachinayi zinthu zikatembenuka, palibe amene amakumbukira za jakisoni, amafufuza amene wamulodzanso. Auzeni izi zisanachitike. Mukalosera molondola kamodzi, ulendo wina amakukhulupirirani.

Mbali inayo ndi ya osiya chifukwa "sakugwira". Amitriptyline ndi fluoxetine, mankhwala a matenda okhumudwa, amatenga masabata awiri mpaka anayi, pena kuposerapo, kuti mtima uyambe kupepuka, pamene kuuma kukamwa, nseru kapena kuodzera zimayamba tsiku loyamba. Wosauzidwa amasiya pa tsiku lachisanu.

"Mankhwala anuwa akumuumitsa"

Apa tivomere kulakwa kwathu. Ambiri timabisa zovuta za mankhwala poopa kuti tikanena wodwala akana. Zotsatira zake n'zakuti amazipeza yekha usiku, kumudzi, popanda womufotokozera.

Taganizani mnyamata woyamba haloperidol, mankhwala a kusokonezeka mutu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu khosi lapindikira kumbali, maso atembenukira kumwamba, lilime latuluka, akulephera kulankhula. Kuchipatala ichi n'chinthu chodziwika, chimagwira kwambiri anyamata, ndipo chimatha msanga ndi benzhexol kapena jakisoni. Koma pamudzi, munthu amene maso atembenuka ndi lilime lili panja wagwidwa ndi chiyani? Palibe amene angaganize za piritsi. Banja lotere silidzabweranso, ndipo lidzauza mudzi wonse. Mawu ochepa okha akanakwanira: "Khosi likapindika kapena maso akatembenuka, si ziwanda, ndi mankhwala, bwerani naye msanga, tili ndi chothetsera."

Zina zimabwera mwakachetechete. Kuyenda mouma ngati chidole, manja njenjenje, dovu kutuluka. Kulephera kukhazikika, munthu kumangopondaponda ndi kuzungulira bwalo, kumene abale ngakhale anamwino amakuyesa kukula kwa matenda n'kuonjezera mankhwala omwe akuchititsawo. Chlorpromazine, mankhwala enanso a kusokonezeka mutu, amagonetsa, amachititsa chizungulire podzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, chinthu chofunika kumuuza mlimi. Pali kunenepa. Palinso nkhani ya kuchipinda, imene bambo sangaitchule pamaso pa mlongo wake kapena apongozi. Mutulutseni gadiyani kaye, n'kufunsa mwaulemu: "Bambo, ena akamamwa mankhwalawa mphamvu za m'banja zimachepa. Inu zikukuyenderani bwanji?" Amuna ambiri amene "anangosiya popanda chifukwa" chifukwa chawo n'chimenechi.

Pafupifupi zonsezi zili ndi pokonzera: kuchepetsa mlingo, kusamutsira mapiritsi onse usiku, kusintha mtundu. Uthenga wopita kwa banja ndi woti chovuta chikaoneka abwere adzanene, asasiye okha. Koma pali ziwiri zoti asiye pompo n'kuthamanga: zidzolo kapena zilonda za m'kamwa ndi m'maso kwa amene wayamba carbamazepine (mankhwala a khunyu ndi matenda ena a m'maganizo), ndi kutentha thupi kwambiri kobwera pamodzi ndi kuuma thupi lonse ndi kusokonezeka kwa amene ali pa haloperidol, chlorpromazine kapena jakisoni.

Kwa amayi pali zina zosayenera kudumpha. Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi njira ya pamkono, choncho a kulera adziwe. Amachepetsanso mphamvu ya dolutegravir, mtundu wina wa ma ARV, ndiye a ku kiliniki ya ma ARV adziwenso. Sodium valproate, mankhwala enanso a khunyu ndi matenda a m'maganizo, amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndipo mtsikana aliyense woti angatenge pakati ayenera kumva zimenezi asanayambe, osati atabwera kale ndi mimba ya miyezi itatu.

Sing'anga ndi mapemphero

Sindinaonepo namwino atapambana mtsutso wa ufiti. Mukati kulibe, banja limakhala chete mwaulemu, n'kuchoka likudziwa kuti simukudziwa za moyo. Funso limene iwo ali nalo ndi lakuti chifukwa chiyani mwana wathu, chifukwa chiyani chaka chino atangokhoza mayeso, ndipo piritsi siliyankha funso limenelo. Ine ndinasiya kulimbana nazo. Ndimafunsa kumene apitako kale, mosaweruza, chifukwa pafupifupi onse amakhala atapitako. Kenako timagwirizana malire. Kupemphera apemphere, mapiritsi akumwa. Asamangidwe unyolo, asamenyedwe pochotsa ziwanda, asasalitsidwe kudya masiku, asamwetsedwe zosanzitsa kapena zotsekula m'mimba. Ndipo aliyense wonena kuti kumwa mankhwala ndi kupanda chikhulupiriro, banja lidziwe kuti ameneyo sadzakhalapo tsiku lofunafuna lole.

Abusa ndi mashehe ambiri, mukawafikira mwaulemu, amasanduka athandizi abwino kuposa ife, poti amamuona munthuyo sabata iliyonse. Alipo asing'anga amene amatumiza okha odwala kuchipatala akaona kuti zawakulira.

Mowa ndi chamba

Apa uphungu wathu umafooka kwambiri, chifukwa timangoti "musiye mowa" ngati munthuyo sanaganizepo zimenezo. Banja nalo limabwera ndi pempho limodzi: mubayeni jakisoni woti adane ndi mowa. Auzeni poyera kuti jakisoni wotero tilibe, apo ayi adzapita kukagula zosadziwika zothira m'ndiwo mobisa.

Choyamba chofunika kuphunzitsa chimadabwitsa ambiri: munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiyitsidwe mwadzidzidzi kunyumba. Mabanja ena amamutsekera m'chipinda kuti kachasu amuchoke. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni amayamba kunjenjemera, thukuta, kusanza. M'masiku awiri oyamba akhoza kugwa ngati wa khunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezekeratu, kuona tizilombo ndi njoka pakhoma, kutentha thupi, ndipo pamenepa munthu akhoza kufa. Womwa m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, kapena amene anagwapo atasiya, asiyire kuchipatala, kumene amapatsidwa diazepam wa masiku ochepa momuchepetsera ndi thiamine woteteza ubongo. Diazepam ameneyo si wopita naye kunyumba miyezi, nayenso amakola.

Chachiwiri, kutuluka m'chipatala manja atasiya kunjenjemera si kuchira. Sabata imeneyo ndi yophweka. Chovuta ndi chibaba, chimene chimadzuka pa tsiku la malipiro, pamaliro, pa mpira, akakangana ndi akazi awo, akadutsa pa shabini ya masiku onse. Khalani naye pansi atchule yekha nthawi zake zoopsa, osati inu kumutchulira, ndipo pa iliyonse apeze chochita: ndalama ya ganyu ifikire m'manja mwa munthu amene wamusankha yekha, njira yochokera kuntchito isinthe, pamaliro akhale kwa okumba manda kapena kwa oyimba m'malo mwa kuseri kuja. Chibaba chimakwera n'kutsika chokha ngati munthu wapeza chomutangwanitsa kwa kanthawi. Funsaninso chimene mowawo ukuphimba. Ambiri pansi pake pali kusagona, nkhawa, ngongole, imfa imene sanailire, ndipo mukachotsa botolo osakhudza zimenezo mwangovundukula bala.

Chachitatu ndi cha banja. Kuterereka kumachitika, ndipo ambiri amene anasiyiratu anaterereka kangapo. Munthu akamwa tsiku limodzi patatha miyezi inayi, banja likati "tinadziwa, chidakwa sichisintha", iye amati poti zaonongeka kale bola ndimalize. Aphunzitseni kunena kuti, "Miyezi inayi ija munaikwanitsa, tiyeni mawa tikaonane ndi anesi." Koma kumvetsa si kumubisira. Mayi amene amalipira ngongole za kumowa, kukapepesa kwa abwana kuti akudwala malungo, ndi kumusiyira ndalama ya ndiwo akudziwa kumene ipite, akuthirira chimene akulira nacho. Kukambirana kuchitike m'mawa ali bwino, osati usiku ataledzera. Ndipo ngati pali nkhanza, chitetezo cha mayi ndi ana chimayamba, uphungu wa mowa pambuyo.

Za chamba anyamata ali ndi yankho lokonzeratu: "Boma linaloleza." Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi ziphaso, kusuta silinaloleze. Koma mtsutso wa malamulo suthandiza. Winanso adzati anzanga onse amasuta, bwanji sapenga? Yankho loona ndi lakuti si onse amene chimawasokoneza, koma amene chamusokonezapo kamodzi ali pangozi yaikulu yobwereza akasutanso, ngakhale akumwa mankhwala. Ndimatenga buku lake n'kuwerenga naye masiku amene anagonekedwa, iye n'kumanena zimene ankachita mwezi wa m'mbuyo mwake. Akaona yekha mzerewo, zimalowa kusiyana ndi kumuopseza. Abale nawonso asamangoti zonse ndi chamba. Ena anasiya kalekale koma matenda alipobe, ndipo kuwanenabe kuti akusuta mobisa kumawapweteka.

Kunyumba kukutentha

Pali odwala amene amamwa mankhwala mokhulupirika koma amabwererabe. Funsani za pakhomo. Nyumba imene munthu amadzudzulidwa kuyambira m'mawa, "waulesi, ungodya, unadzichititsa wekha", imadwalitsa. Kusafuna kusamba, kukhala duu, kusowa chidwi ndi ntchito nthawi zambiri ndi mbali ya matenda kapena ya mankhwala, si ulesi, ndipo zimachedwa kutha kuposa kubwebweta. Nyumba ina ndi yachikondi chopitirira: salola kuti agwire khasu, apite kumsika, anyamule mwana, aliyense akumuyang'anitsitsa. Akaseka kwambiri ati zayambanso, akakwiya pa chifukwa chomveka ati wamwa mankhwala koma? Munthu wotere amafota. Abwerere ku ntchito zake pang'onopang'ono, kuthirira dimba, kudyetsa mbuzi, kwaya, ndipo akhale ndi ufulu wokwiya ngati wina aliyense.

M'malo moti banja lizikayikira chilichonse, lembani nawo zizindikiro zake za munthuyo, zitatu kapena zinayi, zimene zinatsogola ulendo watha. Kwa ambiri choyamba ndi tulo: mausiku awiri atatu osagona. Wina amayamba kukana nsima yophika mlamu wake, wina kugawa katundu, wina kuyatsa wailesi usiku wonse. Wodwalayo anene yekha, ali bwino, amene akumulola kudzamuuza zikayamba ndi kumuperekeza. Zikagwidwa pamenepo, zimathera pa kusintha mlingo, linya osafunika.

Funso la kudzipha lifunseni mosazungulira, ndipo aphunzitseni abale kuti kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Wonena kuti "bola kufa" kapena woyamba kutsanzika asamuyese wofuna kuopseza. Asakhale yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumba, mapiritsi ake, makamaka amitriptyline, asunge munthu wina n'kumamupatsa a tsiku limenelo, ndipo abwere naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Gadiyani naye amatopa. Mayi amene wasamala mwana wodwala zaka khumi, anthu akumunena kuti anakhwimira, amafika poti sangamvenso uphungu uliwonse. Mufunseni kuti inuyo mukugona? Kukumana ndi mabanja ena pa tsiku la kiliniki kumathandiza kuposa mawu athu, ndipo kumene kuli magulu a MeHUCA, bungwe la odwala ndi owasamalira, alumikizeni. Mayi wina akanena kuti wanga ankatero, pano akugulitsa tomato, anzake amatchera khutu mwa mtundu wina.

Pamene uphungu unalibe vuto

Nthawi zina mukafufuza mupeza kuti anamva zonse, amalume anavomera, mankhwala sankamuvuta. Anabwera mu August, anauzidwa kuti jakisoni watha, abwere mwezi wa mawa. Anabweranso, kulibe. Ulendo wachitatu ndalama ya kabaza ya anthu awiri inasowa, inali nthawi yogula feteleza. Banja lotere mukalikalipira kuti silisamala, mwalilakwira kawiri.

Ndiye funso loyamba kwa wobwerera likhale lakuti, "Chinavuta n'chiyani kuti mankhwala aduke?", ndipo mudikire yankho. Ngati ndi mtunda, onani ngati angamalandirire pachipatala chaching'ono cha kufupi kapena pa tsiku limene gulu la kuboma limafikako, ndipo amene wakhazikika apatsidwe a miyezi iwiri kapena itatu ngati kulibe chiopsezo cha kudzipha. Jakisoni akasowa, asabwerere chimanjamanja, adokotala alembe mapiritsi ogwirizira. Tengani nambala ya foni ya pabanjapo ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa mudzi wawo. Kumapeto kwa kiliniki iliyonse ine ndimatsala mphindi zochepa ndi kaundula, kuchonga amene sanabwere, n'kutumiza mayinawo kwa alangizi sabata yomweyo, jakisoni wa mwezi watha asanatheretu m'thupi.